Chipale ku Lesotho, mwera ku Likoma: tetezani khanda ku chisanu

Amayi anzanga, ena mwa inu mukukumbukira zithunzi zimene abale athu a ku Joni anatumiza pa WhatsApp mu Julayi 2023, chipale chofewa chitagwa mumzinda wa Johannesburg. Tinadabwa kuti zotere zimachitikanso mu Africa muno. Zimachitikadi. M'mapiri a Maluti ku Lesotho kuli malo otchedwa Afriski, okwera mamita oposa 3,000, kumene anthu amamanga timatabwa kumapazi n'kumatsetsereka pa chipale kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Miyezi imeneyi kumeneko kumakhala kouma, ndiye chipale chogwa chokha sichikwanira. Amachita kuchipanga ndi makina opopera madzi m'mwamba usiku kukazizira kwambiri.

Chimachititsa ndi kutalika kwa mapiri. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. N'chifukwa chake ngakhale kwathu kuno, pamwamba pa phiri la Mulanje ndi ku Nyika, udzu umayera ndi chisanu m'mawa wina wa Juni ndi Julayi.

Ku Likoma ndi ku Chizumulu chipale sichigwa, chifukwa zilumbazi n'zotsika, zili pakati pa nyanja. Koma miyezi yomweyi ndiyo ya mwera. Munthu wamkulu amangofunda chitenje n'kupitiriza ntchito. Khanda silingatero, ndipo pa ntchito yanga ya uzamba ndaona ana akudwala ndi kuzizira m'madera amene aliyense amati ngotentha.

Mwana amabadwa ali wonyowa, ali ndi mafuta ochepa m'thupi, mutu uli waukulu, komanso satha kunjenjemera kuti adzifunditse. Thupi lake liyenera kukhala pakati pa madigiri 36.5 ndi 37.5. Mphepo ikamuomba, kutenthako kumachoka msanga, makamaka ngati anabadwa masiku asanakwane kapena sakufika makilogalamu 2.5. Mugwireni mapazi ndi pamimba. Ngati mapazi azizira, mufunditseni. Ngati pamimba pazizanso, akuyamwa mofooka, akulira motsitsa kapena akungogona, muikeni pachifuwa ndipo thamangani naye kuchipatala.

Chitetezo chake sichilira ndalama. Mwana akangobadwa apukutidwe, nsalu yonyowa ichotsedwe, agonekedwe pachifuwa cha mayi khungu kukhudza khungu, ndipo ayambe kuyamwa ola loyamba lisanathe. Asasambitsidwe mpaka patapita maola 24. Kunyumba avale chipewa ndi masokosi, thewera likanyowa lisinthidwe msanga, ndipo muzimusambitsa masana m'nyumba, osati kunyanja m'mawa.

Kwa mwana wochepa thupi pali njira ya kangaru. Inayamba mu 1978 ku Bogotá m'dziko la Colombia, mzinda wozizira wa m'mapiri, kumene makina ofunditsira makanda ankaperewera. Mwana amakhala choimirira pakati pa mabere, atavala thewera, chipewa ndi masokosi, n'kumangidwa ndi chitenje usana ndi usiku. Mayi akatopa, bambo kapena agogo alandire. Pokwera boti kapena Ilala, khanda likhale pachifuwa mkati mwa zovala, osati kumbuyo kumene mphepo ndi madzi zimafika. Kumbukiraninso kuti mwera ukakula maboti sayenda, choncho mayi woyembekezera wokhala kutali apite kukadikirira kuchipatala nthawi ikadalipo.

Chenjezo limodzi: musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo.

Inu amayi a bungwe ndinu mumayamba kufika pakhomo pamene pabadwa mwana. Popita kukaona chikuta m'nyengo ino, pa mphatso zanu pasalephere kachipewa. Mukamulandira mwanayo m'manja, gwirani mapazi ake musanafunse dzina.