Laputopu yakale pa Wi-Fi ya m'nyumba: tiiike chiyani?

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 monga inkachitira kale. Ogwiritsa ntchito pakhomo amene adalembetsa m'ndondomeko yapadera adawonjezeredwa chaka chimodzi chokha. Kompyuta ikuyakabe, Word akutsegukabe, ndiye ambiri sakuona vuto. Komatu mabowo amene akuba a pa intaneti amatulukira sakumatidwanso.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri chifukwa laputopu zochuluka m'nyumba zathu n'zakaunjika, zidagwira kale ntchito m'maofesi a kunja. Windows 11 amafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4 GB ndi purosesa yatsopanoko. Makina ambiri opangidwa chaka cha 2017 chisanafike amakanidwa, ngakhale akadali amphamvu.

Wina anganene kuti laputopuyo ndi yoonerapo mafilimu basi, ilibe zachinsinsi. Koma ili pa Wi-Fi imodzi ndi foni imene mayi amatumizira ndalama, ndiponso kompyuta imene bambo amasungamo mafaelo a kuntchito. Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry idasokoneza zipatala za NHS ku Britain podumpha kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina mu netiweki imodzi. Microsoft adali atatulutsa chigamba chake mu Malichi, koma makina ambiri adali asadachilandire.

Ine ndikuona kuti posankha operating system ya chipangizo chilichonse cha m'nyumba, funso loyamba likhale lakuti: kodi eni ake akuitumizirabe zigamba? Kukongola kwake kubwere pambuyo.

Apa m'pamene Linux amathandiza. Linus Torvalds adamuyamba ku Helsinki mu 1991, ndipo ndi waulere. Ubuntu, Linux amene Mark Shuttleworth wa ku South Africa adakhazikitsa mu 2004, amatulutsa mtundu wa LTS zaka ziwiri zilizonse, ndipo umasamalidwa kwa zaka zisanu. Kwa wozolowera Windows, Linux Mint ndiye wosavuta: menyu ili pakona ya kumanzere m'munsi, pomwe dzanja lidazolowera kupita. Mumamuika pa fulashi, kuyatsira kompyuta pomwepo, n'kuyesa ngati Wi-Fi, mawu ndi pulinta zikugwira musanafufute kalikonse. Kumukopera kumadya bandulo ndithu, koma fulashi imodzi ikwanira banja lonse ndi aneba omwe.

Zovuta zilipo. Photoshop ndi Microsoft Office sizilowa mwachindunji pa Linux. LibreOffice amatsegula mafaelo a Word, koma nthawi zina matebulo amasokonekera. Amene ntchito yake imadalira mapulogalamu amenewa akhale pa Windows 11 kapena macOS. Nyumba imodzi ingathe kukhala ndi zonsezi, ndipo pulogalamu ya Samba imalola Linux ndi Windows kugawana mafaelo.

Chimene timaiwala ndi rauta, kabokosi kafumbi kaja kakuthwanima pansi pa TV. Nakonso kali ndi operating system yake. Katembenuzeni: pansi pali kapepala kolembedwa pasiwedi ya kufakitale, nthawi zambiri mawu akuti admin. Mu 2016 vairasi ya Mirai idalanda marauta ndi makamera ambirimbiri poyesa mapasiwedi otere. Sinthani pasiwediyo lero. Ngati opanga rautayo adasiya kuisamalira, onani ngati ili pa mndandanda wa OpenWrt, Linux wa marauta amene adayamba mu 2004. Ngati palibe, muyenera kugula ina.