Ufa wa pulasitiki wophikidwa mu ethanol

Mumzinda wa Marl ku Germany, kampani ya Evonik imaphika pulasitiki. Amathira timibulu ta nayiloni wotchedwa PA12 m'thanki, n'kuonjezeramo ethanol, kenako n'kutseka ndi kutenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 140. Ethanol amawira pa madigiri 78, koma poti thankiyo ndi yotseka kwambiri, nthunzi imasowa kothawira, ndipo pulasitiki uja amasungunuka yense.

Luso lagona pozizitsa. Kutentha kukamatsika pang'onopang'ono kwinaku akutakasa, pulasitikiyo amadzipatula n'kuundana m'tinjere tobulungira. Akasefa ndi kuumitsa, pamatsala ufa woyera mbee, kanjere kalikonse kokula pafupifupi mamilimita 0.05, ngati kunenepa kwa tsitsi limodzi. Ethanol uja sataya, amamutcheza n'kumubwezera m'thanki.

Bwanji osangopera pachigayo? Pulasitiki ndi wotamuka, kotero kuti aphwanyike amayamba amuzizitsa koopsa ndi nayitirojeni wamadzi, ndipo tizidutswa take timatuluka tosongoka. Makina osindikiza zinthu za 3D a mtundu wa SLS, omwe Carl Deckard adayambitsa pa University of Texas ku Austin m'zaka za m'ma 1980, safuna ufa wotero. Makinawa amayala ufa mopyapyala, kuwala kwa laser n'kumata malo ofunika, kenako n'kuyalanso wina pamwamba. Ufa wosongoka suyalika bwino, umasiya mipata, ndipo chopangidwacho, kaya ndi felemu ya magalasi a maso kapena chipangizo cha mwendo woikirira, chimakhala chosalimba.

Vuto n'lakuti mapulasitiki ambiri amasungunuka mosavuta m'mankhwala oopsa monga xylene ndi chloroform, amene amadwalitsa antchito ndi kuononga chilengedwe. N'chifukwa chake akatswiri akusakasaka mankhwala ofatsa. Pa yunivesite ya Friedrich-Alexander ku Erlangen, adapanga ufa wa PA11, nayiloni wochokera ku mafuta a nsatsi, pogwiritsa ntchito ethanol yemweyu. Adapanganso ufa wa pulasitiki wina wotchedwa PLA mu triacetin, mankhwala ololedwa ngakhale m'zakudya. Ku Montreal, kampani ya Polystyvert idayamba kusungunula zinyalala za polystyrene mu cymene, wopezekanso m'mafuta onunkhira a zomera, n'kusefa litsiro kuti pulasitikiyo agwirenso ntchito.

Njira yosungunula pulasitikiyi imadya mphamvu zambiri potenthetsa ndi potcheza, choncho phindu lake limadalira kuchuluka kwa mankhwala amene abwezedwa m'thanki. Mpaka lero, makina ambiri a SLS padziko lonse akudalirabe ufa wa PA12.