Moto wa pansi pa chishalo: kutentha kwa njinga za kabaza ndi miyendo yathu

Mukaima pa siteji ya kabaza pa Njewa, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, tayang'anani miyendo ya anthu amene akutsika pa njinga zamoto. Simuchedwa kuona mayi kapena mtsikana ali ndi chipsera chooneka ngati dzira pakatumba wa mwendo wakumanja. Chipsera chomwecho mukachipezanso ku Chinsapo, ku Kawale, ku Mgona ndi ku Area 25. Mwini wake akamafotokoza amangoti, "Ndinapsa ndi ekizozi," ngati kuti ndi msonkho umene aliyense wokwera kabaza ayenera kukhoma. Vutoli si lathu lokha. Madokotala a ku Greece, komwe njinga zamoto n'zambiri, m'kafukufuku wa zilonda zimenezi amene anasindikizidwa m'chaka cha 2005 anapeza kuti ambiri mwa opsawo anali anthu onyamulidwa kumbuyo, ndipo nthawi zambiri chilonda chinali m'munsi mwa bondo lakumanja.

Naye woyendetsa ali ndi dandaulo lake. Miyezi ya Okutobala ndi Novembala, dzuwa likaswa mtengo, amakhala maola ambiri atatangadza chitsulo chotentha, misongolo ikuwauka. Ena amatuluka mawanga akuda m'miyendo ngati aja a munthu wokonda kuwotha mbaula m'nyengo yozizira. Kutentha kumeneku kuli ndi gwero lake, ndipo kwambiri mwa iko kungachepe popanda kuwononga ndalama zambiri.

Injini ya njinga ndi ng'anjo yaing'ono. Petulo amasakanikirana ndi mpweya, pulagi imathetheka, motowo umakankha pisitoni, njinga n'kuyenda. Koma pa mphamvu yonse imene ili mu petulo, gawo limodzi lokha mwa magawo atatu kapena anayi ndi limene limazunguza tayala. Yotsalayo imasanduka kutentha. Tinene kuti pa malita anayi amene wakabaza wathira, pafupifupi atatu ntchito yake ndi kutenthetsa zitsulo ndi mpweya. Kutenthaku kuyenera kutuluka, ndipo kumadzera m'utsi wa ekizozi, mu oyilo, ndiponso m'timizere tachitsulo tija tili ngati zipsepse za nsomba kuzungulira injini.

Zipsepsezi n'zofunika kuzimvetsa. Njinga zambiri za kabaza mu Lilongwe, monga Lifo, King Lion ndi Boxer, zili ndi injini ya silinda imodzi, ya 100 mpaka 150cc, ndipo zilibe madzi oziziritsira. Chimene chimaziziritsa ndi mphepo basi. Njinga ikamathamanga, mphepo imadutsa pakati pa zipsepse n'kutenga kutenthako kupita nako kumbuyo. Ikaima injini ikulira, mphepo palibe, ndiye mpweya wotenthawo umakwera m'mwamba molunjika, kumene kuli mawondo ndi ntchafu za woyendetsa. N'chifukwa chake munthu angayende kuchokera pa Njewa kukafika ku Namitete osamva kanthu, koma n'kuwauka pa mphindi khumi zokha atapanikizika pakati pa maminibasi mu Malangalanga kapena pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Mutu wa injini yotere umatha kupitirira madigiri 150. Paipi ya ekizozi, pamene ikutuluka mu injini, imafika madigiri mazana angapo, ndipo ngakhale kumapeto kwake, pafupi ndi phazi la wonyamulidwa, imatentha kuposa madzi owira. Khungu la munthu limapsa m'masekondi ochepa ndi madzi a madigiri 60 okha.

Anthu ena amaganiza kuti vutoli ndi la njinga zotchipa. Ayi ndithu. Njinga zaliwiro zija zochitira mipikisano, monga Yamaha R1, Honda CBR kapena Kawasaki Ninja, zimene timaziona mwa apo ndi apo mu msewu wa M1, eni ake amadandaula kutiposa. Injini zake n'za 600 mpaka 1,000cc, zambiri za masilinda anayi, ndipo zimawotcha petulo wochuluka kwambiri. Zimaziziritsidwa ndi madzi a mu ledieta, komanso zinakutidwa ndi mapulasitiki kuti zizing'amba mphepo bwino. Pa liwiro zonse zimayenda bwino. Koma zikaima pa maloboti, madzi aja amafika cha pa madigiri 100, fani imayamba kuzungulira, n'kumapemerera mpweya wamotowo m'mipata ya mapulasitiki, kulunjika m'ntchafu za wokwera. Eni ake amamata zotchinga kutentha kunsi kwa chishalo ndi mkati mwa mapulasitiki, amatsuka ledieta, amasintha madzi ake pa nthawi yake, ndipo amavala mathalauza achikopa. Makampani a Ducati ndi Harley-Davidson anafika popanga njinga zina zimene zikaima, silinda yakumbuyo imasiya yokha kuwotcha petulo. Mukaionetsetsa nzeru yodulayi, ikungonena chinthu chimodzi: njinga ikaima, moto uchepe. Wakabaza ali nayo kale nzeru imeneyi m'manja mwake, ndiyo kiyi. Ngati mukudikira kasitomala amene wabwerera m'nyumba kukatenga chikwama, kapena mzere wa magalimoto sukusuntha, zimitsani injini. Petulo naye apulumukira pomwepo.

Tibwerere ku zipsepse zija. Misewu ya m'makwalala a Chinsapo, Mgona ndi midzi yozungulira Njewa ndi yafumbi m'chilimwe, yamatope m'dzinja. Tayala lakutsogolo limaponyera matopewo pa injini penipeni. Akauma pakati pa zipsepse amakhala ngati bulangete, ndipo akasakanikirana ndi oyilo wodontha amamatirira ngati phula. Kaburashi kakale kotsukira mano ndi madzi a sopo n'zokwanira kuchotsa zimenezi, bola injini ikhale itazizira. Kuthira madzi ozizira pa injini yotentha, monga amachitira ena pa siteji pofuna kuipumitsa, kungang'alule kapena kupinda chitsulo. Palinso zokongoletsa. Anyamata ambiri amamanga zikwangwani, zikopa za matayala kapena mapulasitiki pa zitsulo zakutsogolo kuti matope asawadetse thalauza. Thalauza limakhaladi loyera, koma mphepo yopita ku injini yatsekedwa. Chotchinga chikhale m'mbali, kutsogolo kwa msongolo, pakati pakhale pang'amba.

Oyilo ndiye amaiwalika kwambiri. Mu njinga zimenezi mumalowa pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo lita yomweyo imatumikira injini, magiya ndi kilatchi pamodzi. Akachepa kapena akatha mphamvu, zitsulo zimakhulana ndipo kutentha kumakwera. Bukhu la njinga limanena makilomita oyenera kusinthira oyilo, koma wakabaza aziwerenga masiku ake mosamala: munthu woyenda makilomita 100 pa tsiku amakhala atakwanitsa 3,000 mwezi usanathe n'komwe kapena utangotha. Pa fumbi ngati lathuli ndi bwino kusintha msanga kuposa mochedwa, kuyang'ana mlingo wake m'mawa uliwonse, ndi kugula oyilo wa njinga wolembedwa 4T, wa m'botolo lomata. Oyilo wakuda wotsala m'galimoto, wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, ndi wotchipa lero lokha.

Pali chizolowezi china chimene ndikufuna tichikambe mosabisa, chifukwa chimachokera pa umphawi osati pa ulesi. Petulo akakwera mtengo kapena akasowa, wakabaza amapita kwa makaniko kuti "amfinyire" kabuleta kuti njinga izimwa pang'ono. Ndi zoona, imamwadi pang'ono. Koma petulo akachepa kwambiri poyerekeza ndi mpweya, injini imatentha kuposa muyeso, chifukwa petulo amathandizanso kuziziritsa mkati mwake. Zizindikiro zake n'zoonekeratu: pulagi imayera mbuu m'malo mokhala yofiirira, paipi ya ekizozi imasanduka yabuluu pafupi ndi injini, ndipo njinga imaphulika-phulika mukasiya moto potsika mtunda. Mapeto ake mavavu amapsa, nthawi zina pisitoni imabooka. Ndalama imene munapulumutsa pa miyezi itatu imathera tsiku limodzi kwa makaniko yemweyo. Kuchotsa sefa ya mpweya kapena kuyenda nayo yong'ambika kumabweretsa vuto lofanana, kuwonjezapo fumbi lolowa mu injini.

Katundu naye amawotcha. Njinga inapangidwira anthu awiri. Mukaikapo akuluakulu atatu ndi thumba la chimanga, n'kumakwera chitunda pa giya yaikulu, injini imagwira ntchito yoposa mphamvu yake pamene mphepo yoiziziritsa ili yochepa. Matayala ofewa, tcheni youma kapena yokungika kwambiri, ndi mabuleki ogwira okha, zonsezi ndi katundu wosaoneka amene injini imakoka tsiku lonse.

Tsono ekizozi. Njinga ikamachoka m'sitolo imakhala ndi kachitsulo kotchinga pamwamba pa ekizozi, komangidwa ndi timabawuti tiwiri kapena titatu. Chimene chimateteza mwendo si kachitsuloko kwenikweni, koma mpata wa mpweya umene uli pakati pa iko ndi paipi. Timabawutito timamasuka ndi mabampu, kachitsuloko kamayamba kusokosera, ndipo mwini wake amakachotsa n'kukataya. Ena amasintha ekizozi yonse n'kuikapo yaphokoso yopanda chotchinga. Pa zonse zimene ndatchula, kubwezerapo kachitsulo aka ndi kumene ndingakakamize kwambiri. Wowotcherera zitsulo aliyense wa ku Biwi kapena ku Kawale angapange kuchokera ku chidutswa cha lata chokhuthala, n'kuboola timabowo, n'kusiya mpata wolowa chala. Kukulunga ekizozi ndi malegeni kapena sanza n'kuitana moto. Pali nsalu yapadera yokulungira ekizozi imene eni njinga zaliwiro amagwiritsa ntchito. Imachepetsadi kutentha, koma imasunga chinyezi ndipo paipi imachita dzimbiri msanga m'nyengo ya mvula. Chingwe cha asibesitosi musachikhudze n'komwe, fumbi lake limawononga mapapo.

Wonyamulidwa ali ndi mbali yake, ndipo ndi yosavuta. Ekizozi ya njinga zimenezi ili kumanja. Kwerani ndi kutsikira kumanzere. Mwamwayi kuno timayenda kumanzere kwa msewu, choncho mbali imeneyi ndi yomwenso ili kutali ndi magalimoto. Ambiri amapsa potsika, pamene akufunafuna ndalama m'chikwama, mwendo n'kutsamira paipi, ndipo paipiyo imakhalabe yotentha kwa mphindi zambiri injini itazimitsidwa. Wakabaza wanzeru amanena yekha kuti, "Mayi, tsikirani uku, uko kukuwotcha." Amayi okhala cham'mbali asonkhanitse chitenje, chifukwa kumanzereko ndiye kuli tcheni. Nsalu zanayiloni zikakhudza chitsulo chamoto zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Ana ndiwo ali pangozi koposa: miyendo yawo sifika popondera, imangolendewera, ndipo khungu lawo ndi lopyapyala. Mwana woyenda chokwawa asasiyidwe pafupi ndi njinga imene bambo angoiimika pakhonde. Odwala shuga amene mapazi awo achita dzanzi akhoza kupsa osamva, n'kudzazindikira madzulo povula nsapato.

Woyendetsa avale thalauza lalitali lokhuthala, monga jinzi, ndi nsapato zotseka mpaka mu akakolo. Patapata ndi kabudula n'zopepukadi pa dzuwa, koma sizitchinga kanthu. Amwenso madzi pafupipafupi. Munthu wokhala pa injini pansi pa dzuwa, atavala chisoti ndi jekete, amataya madzi ambiri m'thukuta, ndipo mutu ukayamba kuwawa, maso ndi manja zimachedwa kuchitapo kanthu pamsewu. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti thupi likupempha madzi ndi mthunzi.

Nanga munthu akapsa? Thirani madzi oyera, ozizirira bwino, a pampopi kapena pa mjigo, kwa mphindi 20. Mphindi 20 n'zambiri mukaziyang'ana pa wotchi, ndipo ambiri amalekera pa ziwiri, koma kutentha kumapitiriza kudya mnofu mkati ngakhale mwendo utachoka pa chitsulo. Ngati madzi sanapezeke pomwepo, amathandizabe mkati mwa maola atatu. Ayezi ayi. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, mchere, phulusa, oyilo wa injini, zonsezi ayi. Zimalowetsa tizilombo ndipo namwino amavutika kuzichotsa. Matuza musawaboole. Phimbani ndi nsalu yoyera yosanyenyeka, imwani panado ngati ululu wakula.

Chilonda cha ekizozi chimanyenga. Chimaoneka chaching'ono koma nthawi zambiri chimakhala chakuya. Chikakhala choyera, chouma ngati chikopa, kapena chosapweteka kwenikweni, musakondwere: ndiye kuti mitsempha yomvera ululu yapsa. Chotere, komanso chachikulu kuposa chikhatho cha wopsayo, cha pa mwana, cha pa munthu wa shuga, kapena cha pa mfundo ngati akakolo, chipite kuchipatala tsiku lomwelo. Apafupi ndi Njewa ali ndi chipatala cha Chitedze, a ku Chinsapo ali ndi chipatala cha mishoni cha Likuni, ndipo ku Kawale ndi ku Area 25 kulinso zipatala zazing'ono. Mukafunseko za katemera wa kafumbata. Zilonda zakuya zimatumizidwa ku Kamuzu Central Hospital, kumene kuli gawo lapadera la anthu akupsa kuyambira 2011. Chilonda chimene chayamba mafinya, kununkha, kufiira m'mbali, kapena chimene chatha masabata awiri osapola, chibwerere kwa dokotala, chifukwa zina zimafunika kumezanitsa khungu kuti zitsekeke.