Kagalu katsopano pakhomo la galu wamkulu: masabata oyamba ndiwo amaumba khalidwe

CAPE TOWN - Mwana wagalu amakhala ndi nthawi yochepa kwambiri yophunzira kuti anthu, ana, agalu anzake ndi phokoso la mumsewu si adani ake. Nthawiyi imayamba akakwanitsa masabata 3 ndipo imatha pakati pa masabata 12 ndi 14. Ikadutsa, chinthu chilichonse chachilendo chimayamba kumuchititsa mantha, ndipo kawirikawiri galu wamantha ndi amene amaluma.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi ambiri okhala mumzinda wa Cape Town. Ena amaweta agalu awo kumene akukhala, monga ku Masiphumelele, Dunoon ndi Imizamo Yethu. Ena ndi ogwira ntchito zam'nyumba ndi zosamalira maluwa, omwe amatandala ndi agalu a mabwana awo tsiku lonse, mwakuti kagalu katsopano kakabwera pakhomo, kuleredwa kwake kumakhala m'manja mwawo.

Zoti pali nthawi yoteroyo zinadziwika kudzera m'kafukufuku wa zaka zambiri amene akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, anachita ku Bar Harbor m'dziko la America, ndipo anamusindikiza m'chaka cha 1965. Kafukufuku wina wa mu 1961 anaonetsa kuti tiagalu tomwe tinafika masabata 14 tisanagwiridwepo ndi munthu tinkathawa anthu ngati nyama zakutchire, ndipo kutizoloweza pambuyo pake kunali kovuta zedi. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba, ndipo pa galu mawuwa ndi oona kotheratu.

Kwathu anthu ambiri amakhulupirira kuti galu wolondera ayenera kutsekeredwa, osaona alendo, kuti adzakhale wolusa. Ena amafika pomumenya kapena kumumangirira pa tcheni usana ndi usiku. Galu woleredwa motero amalusadi, koma sasiyanitsa mbala ndi mwana wa mnansi amene wabwera kudzatola mpira. M'madera a nyumba zothithikana, kumene mabanja angapo amagwiritsa ntchito bwalo limodzi ndi mpopi umodzi, galu wotere ndi ngozi. Galu wozolowera anthu amauwabe usiku akamva mgugu pachipata, pakuti kuteteza malo ake n'chibadwa chake.

Vuto n'lakuti nthawi yophunzirayi imatha kagalu kasanamalize kulandira katemera. Katemera woyamba amaperekedwa pa masabata 6 mpaka 8, ndipo womaliza amafika cha pa masabata 16. Pakatipa kagalu kakhoza kutenga matenda a parvovirus, omwe anthu a kuno amawatchula kuti katgriep m'Chiafrikaans. Matendawa amachititsa kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, amapha tiagalu tambiri, ndipo kachilombo kake kamakhala m'dothi kwa miyezi yochuluka.

N'chifukwa chake eni agalu ambiri amasunga kagalu m'nyumba mpaka katemera atatha. Koma m'chaka cha 2008 bungwe la madokotala oona za khalidwe la ziweto ku America, la American Veterinary Society of Animal Behavior, linalangiza kuti kuzoloweza kagalu kusadikire katemera womaliza, ndipo kuyambe patatha sabata imodzi chilandirireni katemera woyamba. Njira yake n'kusankha malo. Kagalu kasaponde pansi m'mapaki, m'mphepete mwa nyanja kapena m'misewu modutsa agalu osadziwika. Koma kakhoza kunyamulidwa m'manja kukaona minibasi ndi sitima, kukumana ndi ana, amuna ovala zipewa, okalamba oyenda ndi ndodo, ndiponso kusewera ndi agalu odziwika kuti analandira katemera. Zonsezi zichitike pang'onopang'ono. Kagalu kakapanira mchira pakati pa miyendo n'kumabisala, ndiye kuti zakachulukira, ndipo kukakamiza kungowonjezera mantha.

Apa ndi pamene galu wamkulu wapakhomo amathandiza, ngati analandira katemera wake yense. Iye ndiye mphunzitsi woyamba. Komabe kukumana kwawo koyamba kumafuna nzeru.

Galu amene wakhala yekha pakhomo zaka zingapo amaona mbale, pogona, ngakhale mwini wake, kukhala zake. Kumuikira kagalu pamphuno mwadzidzidzi pakhomo lomwelo n'kuputa ndewu. Akatswiri amalangiza kuti awiriwa akumanire pamalo aukhondo amene galu wamkuluyo sawaona ngati ake, mwina pabwalo la mnzanu, aliyense ali ndi womugwira pa chingwe chosakoka. Anunkhizane pang'ono, asiyanitsidwe, kenaka abwerezenso. Mabungwe ambiri opereka agalu kwa ofuna kuweta mumzindawu amapempha kuti galu wapakhomo abwere kudzaonana ndi mnzakeyo asanatengedwe, kaamba ka chifukwa chomwechi.

Akafika kunyumba, aliyense akhale ndi mbale yake, ndipo adyere motalikirana, makamaka chitseko chili pakati. Mafupa ndi zidole zisasiyidwe pansi m'masabata oyamba, poti ndewu zambiri za agalu apakhomo limodzi zimayambira pa chakudya. Awiriwa asasiyidwe okha popanda wowayang'anira kufikira zitaoneka kuti agwirizana, zomwe zingatenge masabata angapo.

Cholakwika chofala n'kukalipira galu wamkulu akaopseza kagalu. Mwana wagalu sadziwa malire: amaluma makutu, amakwera pamsana, amadzutsa mnzake ali m'tulo. Wamkuluyo akalira chapakhosi, kuonetsa mano, kapena kukhadzula mphepo osakagwira, ndiye kuti akukalangiza, ndipo kagalu kanzeru kamagona chagada n'kusiya. Galu wamkota sakandira pachabe. Mukamulanga chifukwa cha chenjezolo, amaphunzira kusachenjeza, ndipo tsiku lina adzangoluma. Chofunika n'kuchotsa kagaluko kuti wamkulu apume, makamaka ngati ndi wokalamba ndipo mafupa amamupweteka. Akhale ndi malo ake amene kagalu sikafikako, ndipo apitirize kuyenda ndi mwini wake monga kale.

Zizindikiro zoopsa ndi zina. Galu wamkulu akauma thupi, kuyang'anitsitsa kagalu osaphethira, kukalondola ngakhale kakuthawa, kapena kukagwira pakhosi n'kukagwedeza, awiriwo asiyanitsidwe nthawi yomweyo ndipo mwini wake akaonane ndi dokotala wa ziweto.

Pali mfundo ina imene ambiri amaiphonya. Kagalu kokulira pambali pa galu mnzake tsiku lonse kakhoza kumamatira iyeyo n'kusasamala za munthu. Kukaitana sikabwera, ndipo mnzakeyo akachoka kamalira mosatonthozeka. Kuzolowera galu mmodzi wapakhomo sikutanthauza kuti kazolowera agalu onse. Choncho kagalu kazikhala ndi mphindi zake tsiku lililonse, kali kokha ndi munthu, kuphunzira dzina lake ndi kubwera kakaitanidwa, komanso kazizolowera kutsala kokha kwa kanthawi. Kamatengeranso zoipa: ngati wamkulu amathamangitsa njinga kapena kunjenjemera akamva makombola a pa Chaka Chatsopano, wamng'ono sachedwa kutsatira.

Malamulo nawonso ali ndi mbali yake. Lamulo la khonsolo ya Cape Town la 2021 loona za kasungidwe ka ziweto limalola agalu awiri okha m'nyumba ya pafulati ndi atatu panyumba yoima payokha, ndipo wofuna kuposa apo ayenera kupempha chilolezo. Limalamulanso kuti agalu opitirira miyezi 6 achitidwe opaleshoni yoletsa kubereka, pokhapokha mwini wake atapatsidwa chilolezo. Amene akukhala m'nyumba ya lendi ayambe wafunsa eni nyumba asanabweretse galu wachiwiri. Ndipo malinga ndi lamulo la dziko la 1993, munthu amene galu wake wavulaza wina kaamba ka kusasamala kwake akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka zaka ziwiri.

Katemera wa chiwewe ndi wokakamiza m'dziko la South Africa, kuyambira pa miyezi 3. Mzindawu unakhala zaka zambiri osamva za matendawa, koma mu 2021 anapezeka mwa agalu ku Khayelitsha, ndipo mu 2024 anapezekanso mwa nyama za m'nyanja zotchedwa seal, zomwe zimapuma pamiyala ndi pamchenga m'magombe amene anthu amakonda kuyendamo ndi agalu awo.

Agalu awiri ndi ndalama ziwiri: chakudya, katemera, mankhwala a njoka zam'mimba, a utitiri ndi a nkhupakupa. Kwa opeza zochepa, thandizo lotsika mtengo limapezeka ku Cape of Good Hope SPCA ku Grassy Park, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1872, ku chipatala cha Mdzananda ku Khayelitsha, ku TEARS kufupi ndi Masiphumelele, ndi ku Animal Welfare Society ku Philippi. Popita kukabayitsa kagalu katemera woyamba, ndi bwino kutenganso khadi la galu wamkulu kuti adokotala aone ngati katemera wake sanathe mphamvu.