Kodi Zomera za M'nyumba Zimayeretsa Mpweya?



Ambiri a inu munaonapo zomera zobzalidwa m'zitini, zoikidwa pa zenera la kalasi. Anthu ena amati zomera zotere zimayeretsa mpweya wa m'nyumba. Ganizoli linafala kuyambira m'caka ca 1989, pamene bungwe la NASA la ku America linafalitsa zimene linapeza pa mayeso ake. Akatswiri anatsekera zomera m'mabokosi osalowa mphepo, ndipo mipweya ina yoipa, monga benzene, inacepa m'mabokosimo.

Koma nyumba si bokosi ai. M'caka ca 2019, akatswiri awiri a ku Drexel University, Cummings ndi Waring, anapendanso mayeso ambiri otere. Anapeza kuti pafunika zomera 10 kufikira 1,000 pa sikweya mita imodzi iliyonse kuti zigwire nchito yofanana ndi ya mphepo yolowa ndi kutuluka m'nyumba. Nanga m'kalasi lotere, inu mukanakhala pati? Zomera zanu zisamaleni ndithu, pakuti zimakongoletsa kalasi, koma mazenera azikhala otsegula.

Aliponso makina a magetsi oyeretsa mpweya. M'kati mwake muli cokupiza cimene cimakoka mpweya kuti udutse m'sefa yochedwa HEPA. Sefayo imagwira fumbi, mungu wa maluwa ndi timwaye ta utsi, ndipo ikadzala ifunika kuicotsa ndi kuikapo ina. Komabe pali mdani wina amene amangodutsa m'sefayo osagwidwa.

Mdaniyo timamuitana tokha m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, pamene tilowetsa mbaula m'cipinda cogona ndi kutseka citseko. Malasha akamayaka pamalo ocepa mpweya amatulutsa mpweya wapoizoni wochedwa carbon monoxide. Suoneka ndiponso sununkha. Ukalowa m'magazi umalanda malo a oksijeni, motero munthu amamva mutu, cizungulire ndi mseru, kenaka amalefuka. Amene ali m'tulo angathe kufa osadzuka n'komwe. Palibe comera cingamupulumutse.

Conco ana inu, madzulo ano mukawapemphe makolo anu mwaulemu kuti mbaula ituluke panja musanagone, ngakhale itaoneka ngati yazima. Mukapeza munthu atakomoka pafupi ndi mbaula, tsegulani citseko ndi mazenera, itanani akulu amutulutsire panja, ndipo apite naye kucipatala msanga.