Poloti muzikaiona nthawi ya mvula

Ndakhala pa lendi ku Ndirande kwa zaka 14. Ana anga atatu adabadwira m'nyumba za eni, ndipo mwezi ukamatha mtima umakhala m'mwamba podikira landilodi. Ndalama zomwe ine ndi mayi a kunyumba tinkasunga ku banki m'khonde zitafika pooneka, tidagwirizana zogula kapoloti kathu mumzinda wa Blantyre momwemu. Kufunafunako kudatitengera pafupifupi zaka ziwiri, ndipo zomwe ndidaphunzira ndati ndigawaneko ndi anzanga omwe ali ndi maganizo ngati omwewa.

Mudali mu Okutobala 2022 pomwe ejenti wina adanditengera kumtunda kwa Chilobwe, m'mbali mwa phiri la Soche. Dzuwa lidali likuswa mtengo, nthaka ili gwaa. Malowo adali osiririka. Ukaima pamenepo mzinda umauonera pansi, kamphepo kayaziyazi kakukuomba.

"Bwana, apa ndi pa Sunnyside pa anthu wamba," adatero ejentiyo uku akuseka. "Mukachedwa wina atenga mawa lomweli."

Cha kumtunda kwa polotiyo kudali miyala ikuluikulu, ina kukula kwake ngati minibasi, ndipo pambali padadutsa kakhwawa kouma. Zonsezi ndidaziona koma sindidaziike kumtima. Ejenti adati miyalayo ndi phindu langa, ndidzaswa n'kumangira maziko.

Ndingakhale wabodza nditanena kuti nzeru ndi zomwe zidandiletsa kugula. Mwini malo adakweza mtengo kutatsala sabata imodzi kuti tilipire, ndalama zathu n'kuperewera. Ine ndidafuna kukatenga katapila koma mayi a kunyumba adakanitsitsa. "Bambo a ana, nyumba yoyamba ndi katapila mudzagonamo tulo?" adandifunsa. Ndidatha masiku angapo ndili duu, kuwakwiyira kuti andiphonyetsa mwayi.

Patangotha miyezi isanu, pa 13 Malichi 2023, namondwe wa Freddy adafika pachimake. Mvula itagwa mosalekeza, mbali ina ya phiri la Soche idagumuka ndipo matope, miyala ndi mitengo zidatsikira m'nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Tsiku lomwelo boma lidalengeza kuti chigawo cha kummwera chagwa m'ngozi, kenaka dziko lidakhala masiku 14 likulira. Anthu oposa 1 000 adamwalira kapena kusowa m'dziko muno. Kwathu ku Ndirande nakonso nyumba zidagwa, makamaka za m'mbali mwa mitsinje.

Patapita masabata angapo ndidakwera kukaona malo aja. Kakhwawa kaja kadali katasanduka chigwembe choti munthu sangalumphe, ndipo sindidathe kuloza pomwe padali poloti yomwe ndinkaililira. Agogo ena omwe ndidawapeza akutola malata opindika adandiyang'ana n'kunena kuti: "Mwananga, madziwa sadayambe chaka chino kudutsa pano. Ukadatifunsa ife tikadakuuza." Amanena zoona, chifukwa mu Januwale 2015 madzi osefukira adaononganso ku Chilobwe komweko. Ine ndidali nditafunsa ejenti yekha, munthu yemwe amadya pokhapokha malo agulitsidwe.

Kuyambira tsiku limenelo ndidasintha kayendedwe. Ndidazindikira kuti poloti iliyonse imaoneka bwino mu Okutobala. Ukafuna kuidziwa bwino upiteko mu Januwale kapena Febuluwale, mvula ikugwa, ndipo upite wapansi, wopanda ejenti.

Blantyre ndi mzinda wa pakati pa mapiri: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe ndi Mpingwe. Chiyambireni mishoni ya mpingo wa ku Scotland mu 1876, malo abwino ndi athyathyathya adayamba kutengedwa ndi amishoni, makampani ndi boma. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu pafupifupi 800 000 mumzindawu, ndipo ambiri mwa iwo timakhala m'madera omwe adakula popanda pulani. Malo otsika mtengo omwe atsala ali m'mbali mwa mapiri kapena m'mphepete mwa mitsinje monga Nasolo, Mudi ndi Naperi. Akuluakulu a ku Ndirande amakumbukira phiri lawo lili ndi nkhalango yowirira, koma lero ndi dazi lokhalokha. Mitengo ikatha palibe chogwira madzi, ndiye amatsika ndi liwiro, kufunafuna njira yawo yakale ngakhale pamangidwe nyumba.

Mwamwayi madzi amasiya zizindikiro. Yang'anani makoma a nyumba zoyandikana ndi polotiyo ngati pali mzere wa matope, ndipo muone pomwe udalekezera. Matumba a mchenga oikidwa pakhomo kapena m'kanjira akutanthauza kuti eni ake amalimbana ndi madzi chaka ndi chaka. Maziko oonekera kunja akusonyeza kuti dothi likukokoloka. Mchenga wosalala ndi timiyala tobulungira pakati pa poloti ndi umboni woti pamenepo pamadutsa mtsinje wa dzinja. Bango ndi madimba obiriwira m'chilimwe zikukuuzani kuti madzi ali pafupi pansipo.

Chizindikiro chomalizachi ndi chomwe chidatibweza ku Bangwe. Tidaona poloti yathyathyathya cha kumunsi, pafupi ndi kamtsinje. Titapitako mvula itangokata, tidapeza chimbudzi chokumba cha nyumba yoyandikana nayo chitadzadza mpaka kukamwa, ndipo mapazi ochepa chabe kuchoka apo padali chitsime chomwe ana ankatungapo madzi. Palibe yemwe waiwala kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe idapha anthu oposa 1 700 m'dziko muno mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe kuchedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mayi a kunyumba sadayankhule kanthu, adangondikoka dzanja. Munthu wogula poloti m'madera athuwa adziwe kuti chimbudzi chake ndi cha mnansi wake zidzakumbidwa m'nthaka yomweyo.

Mukathana ndi madzi a mvula, funsani za madzi akumwa. Madzi ambiri a m'mipopi ya bungwe la Blantyre Water Board amachokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera chitunda chonsecho. Ena ochepa amachokera ku damu la Mudi, pomwe ena adaonjezereka kuchokera ku Likhubula m'phiri la Mulanje. Madzi okankhidwa chokwera amayamba kufika m'zigwa, kumtunda amafika pomalizira. Ndiye kukhalapo kwa mpopi pa poloti sikutanthauza kuti mumatuluka madzi tsiku lililonse.

Funsoli musamufunse ejenti kapena bambo wa pakhomo. Funsani amayi, poti ndi omwe amadzuka usiku ndi ndowa. Pomwe tinkaganizira poloti ina cha kumtunda kwa Chilomoni, m'munsi mwa Michiru, ndidalawirira m'mamawa kukaima pa kiyosiki yapafupi. Kutalika kwa mzere wa zigubu kudandiyankha zonse, ndipo mayi wina adandiuza ndalama zomwe amalipira anyamata omusenzera madzi kukwera chitunda. Nditawerengetsa pa mwezi ndidaona kuti ndi kalendi kenanso.

Chachitatu ndi msewu. Ubwino wa Ndirande, ngakhale kuli kothithikana, ndi woti munthu amayenda wapansi kupita kuntchito ku Makata, ku Ginnery Corner kapena m'tauni. Ukasamukira kutali uyenera kuwerengera minibasi yako, ya mkazi wako ndi ya ana a sukulu, kupita ndi kubwera, kwa mwezi wathunthu. Ena amasangalala kuti athana ndi lendi koma ndalama yomweyo n'kumathera pa siteji. Ine pa poloti iliyonse ndinkadzifunsa mafunso awiri. Kodi lole ya mchenga ndi njerwa ingafike pano mu Febuluwale? Nanga mwana atadwala pakati pa usiku, galimoto yopita naye ku chipatala cha Gulupu ingaime pakhomo, kapena tidzachita kumubereka mpaka kumsewu wa tala? Anyamata a kabaza amadziwa bwino nkhaniyi. Afunseni mtengo wa kumaloko nthawi ya matope, ndipo akakana kupitako mwamva kale yankho. Mupitekonso madzulo kutada kuti muone ngati anthu amayenda momasuka.

Chachinayi ndi mapepala, ndipo apa ndi pomwe ambiri alirira. Ku Zingwangwa tidaona nyumba yakale yolimba bwino, ya madzi ndi magetsi, pa mtengo woti tikadabwereka pang'ono ku banki tikadakwanitsa. Wogulitsayo adali mnyamata waulemu yemwe adati nyumbayo adamusiyira malemu bambo ake. Mayi wina wogulitsa mandasi pafupi pomwepo ndi yemwe adatitsina khutu kuti malemuwo adasiya mkazi ndi ana ena anayi, ndipo palibe yemwe amadziwa za malondawo. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza mkazi ndi ana a malemu, ndipo wogulitsa katundu wotere ayenera kukhala ndi chilolezo cha bwalo la milandu choyendetsera chumacho. Titapempha kuona chilolezocho, foni ya mnyamatayo idasiya kupezeka.

Malo a mumzinda ali ndi eni ake osiyanasiyana. Ena ali m'manja mwa unduna wa za malo, ena ndi a bungwe la Malawi Housing Corporation lomwe lidayamba ntchito mu 1964, ena ndi a khonsolo ya mzinda, pomwe ena ndi a anthu kapena makampani omwe ali ndi ziphaso zawo. Choyamba dziwani kuti poloti yanu ili pansi pa yani, kenaka mupite limodzi ndi wogulitsayo ku ofesi yoyenerayo kuti mukaone ndi maso anu dzina lomwe lili m'kaundula. Komweko mufunsenso ngati pali ngongole ya msonkho wa malo kapena ngati malowo adapinyolitsidwa ku banki. Wogulitsa weniweni sakana ulendo umenewu.

Ambiri timadalira kalata ya amfumu. Kalatayo ndi yothandiza ngati umboni woti anthu a m'deralo akudziwa za malondawo, koma siilowa m'malo mwa chiphaso. Lamulo la mafumu limati mkati mwa malire a mzinda mfumu ilibe ulamuliro pokhapokha khonsolo itavomereza. Nyumba yomangidwa m'malire a msewu, pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi kapena m'nkhalango yotetezedwa ikhoza kugwetsedwa ngakhale muli ndi kalata ya chidindo. Funsani anansi a mbali zonse zinayi, aliyense payekha, kuti akulozereni malire, chifukwa poloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo mu Blantyre. Polipira dzerani ku banki kuti pakhale umboni, ndipo mgwirizano ulembedwe pamaso pa mboni za mbali zonse.

Ndisabise kuti kudekha kudatidyera ndalama. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo simenti, malata ndi mapoloti omwe zidakwera mtengo ife tikadali m'njira. Anzanga ankandiseka kuti ndidzakalambira pa lendi ndikuyeza makhwawa. Sindikunyozanso abale athu omwe adamanga m'phiri, poti ine ndemwe ndidatsala pang'ono kukhala mmodzi wa iwo. Munthu amapita komwe thumba lake lafika. Pempho langa ku khonsolo ndi ku unduna wa za malo ndi loti atsegule mapoloti oyezedwa bwino, okhala ndi misewu ndi ngalande, pa mtengo woti mphunzitsi, mlonda kapena mayi wa geni angakwanitse. Kupanda kutero anthu azingobwerera kumapiri komwe adasamutsidwa.

Pomaliza tidagula ku Machinjiri mu Epulo 2024, titapitako kasanu. Ulendo wina tidaupanga dala mvula ikukhuthuka, tidaima pansi pa ambulera imodzi pafupifupi ola lathunthu kuonerera komwe madzi akulowera. Adatsata ngalande ya m'mbali mwa msewu osalowa m'poloti. Dzina la m'kaundula lidafanana ndi la pa chitupa cha wogulitsa, ndipo anansi onse adaloza malire amodzimodzi.

Polotiyo ili ndi zovuta zake. Ndi yaying'ono kuyerekeza ndi ya ku Soche ija, mzinda suuona ukaima pamenepo, ndipo ulendo wa kuntchito udzatalika. Nyumba ikadali pa mawindo chifukwa timamanga ndalama ikapezeka, ndiye tikadali pa lendi ku Ndirande. Koma dzinja lapitali mvula itagwa usiku wonse, ndidalawirira kukaona ndipo ndidapeza makoma ali chiimire, pabwalo pali matope ochepa ofika m'kapolo wa phazi basi.

Kwa inu omwe mwasunga kandalama ndipo ejenti akukuimbirani foni kuti mufulumire, muuzeni kuti mudzabwera mvula ikayamba. Akakuuzani kuti poloti idzakhala itapita, isiyeni ipite. Paja akulu adati safunsa adadya phula, ndipo ine ndikadadya langa ku Soche chikhala kuti mayi a kunyumba sadakane katapila uja.