Cigubu Ciyandama, Koma Ciribe Maso

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuwa likayamba kuswa mtengo, n'kovuta kuletsa mwana wa kumudzi kupita kumadzi. Abusa a ng'ombe akatha kumwetsa zoweta zao pa damu amaponya malaya pa citsamba, ndipo posakhalitsa mudzamva phokoso lao muli kutali. Atsikana otumidwa kukacapa naonso salephera kulowamo nchito ikatha. Mvula ikagwa, mitsinje monga Lupande, Lutembwe ndi Msanzala, imene m'cilimwe inaphwa kwambiri, imadzaza mpaka m'magombe, ndipo maenje amene tinakumbamo dothi la njerwa amasanduka maiwe akuya pafupi ndi nyumba zathu.

Ambiri a ife tinaphunzira kusambira mwa njira yakale ija. Mnzako wamkulupo anali kukukankhira pakuya, iwe n'kumeza madzi, n'kuphiriphitha kufikira utagwira udzu wa pagombe. Ife amene tinapulumuka timasimba nkhaniyi moseka. Koma alipo mabanja m'Cigawo ca Kum'mawa amene nkhani yotere siwaseketsa, pakuti mwana wao anatuluka m'madzimo atanyamulidwa pamanja.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza m'caka ca 2024 kuti anthu pafupi-fupi 300,000 anafa mwa kumira m'caka ca 2021, ndipo pafupi-fupi mmodzi mwa anai alionse anali mwana wosafika zaka 5. Bungweli lilangiza kuti ana a zaka 6 kupita m'tsogolo aziphunzitsidwa kusambira mwa dongosolo, pamalo osankhidwa bwino, ndiponso pali munthu wamkulu wodziwa nchitoyi. Pali zipangizo zothandiza pa maphunziro amenewa, zina za m'sitolo, zina tiri nazo kale pakhomo. Makolo ayenera kudziwa nchito ya cipangizo ciriconse ndi pamene mphamvu yake ithera, cifukwa cipangizo cimene munthu acikhulupirira mopitirira ndico cimene cimamupititsa pakuya.

CIFUKWA CAKE CIGUBU CIYANDAMITSA MUNTHU

Mpweya wotsekeredwa m'cigubu ndiwo umene unyamula. Lita imodzi ya mpweya inyamula kilogramu imodzi m'madzi. Wina angafunse kuti, nanga cigubu ca malita 5 cingathandize bwanji mwana wolemera makilogramu 30? Yankho lake ndi lakuti thupi la munthu likalowa m'madzi, madziwo amalinyamula pafupi-fupi lonse, makamaka m'mapapo mukakhala mpweya. Cimene citsala ndi kukweza mphuno ndi pakamwa kuti zikhale pamwamba, ndipo pa nchito imeneyi makilogramu owerengeka cabe akwanira.

Cotero cigubu ca mafuta ophikira ca malita 5, cokhala ndi cogwirira, ndi cipangizo cabwino kwa wophunzira. Mwana agone cagada m'madzi ofika m'ciuno, akumbatire cigubuco pacifuwa, wamkulu atamugwira kumsi kwa mutu. Akazolowera, agone cafufumimba, agwire cigubu kutsogolo manja atatambasula, naphunzire kumenya madzi ndi miyendo. Ku Zanzibar m'dziko la Tanzania, bungwe la Panje Project laphunzitsa atsikana ambiri kuyandama m'nyanja yamcere pogwiritsa nchito zigubu zopanda kanthu zonga zomwezi.

Musanapereke cigubu kwa mwana, tsekani citsekero zolimba, mucimize m'madzi ndi kuyang'ana ngati patuluka tithovu. Cikatulutsa tithovu, cibwezereni kukhichini. Cigubu cimene munali mankhwala opopera thonje kapena fodya cisayandikire madzi osambamo ngakhale mutacitsuka. Ndiponso musamangirire zigubu kumsana kapena m'ciuno mwa mwana, cifukwa zimakweza msana ndi kugwetsera nkhope m'madzi. Kumbukirani kuti cigubu cithandiza pokha-pokha pamene manja acigwira. Mwana akacita mantha n'kucitaya, cimangoyandama cokha kupita kwina.

ZA M'SITOLO NDI ZA M'GALAJI

Pa zipangizo zonse, cimodzi cokha ndico cinapangidwira kupulumutsa moyo: jekete loyandamitsa, limene asodzi a kapenta ku Siavonga pa nyanja ya Kariba amalichula kuti laifi jaketi. M'kati mwake muli zinthu zopepuka zosamira, ndipo labwino limakhala ndi kolala yonyamula mutu. Pa jekete lirilonse pamalembedwa kulemera kwa munthu woyenera kulivala. Jekete la atate silingateteze mwana, pakuti akalowa m'madzi limakwera kumutu iye n'kutsalira pansi. Poyesa, muvekeni mwana, mangani malamba onse pamodzi ndi lija lopita pakati pa miyendo, ndipo munyamule jeketelo pamapewa. Likakwera kufika m'makutu, ndiye kuti lamukulira. Aliyense wokwera bwato pa Luangwa kapena pa Zambezi ayenera kulivala asanalowe m'bwato, ngakhale akhale katswiri wosambira, cifukwa bwato likagubuduka sipakhala nthawi yomanga malamba.

Timatumba topopa tovala m'mikono, timene tigulitsidwa m'masitolo a m'tauni, ndi toseweretsa cabe. Timaphwa tikalasidwa ndi munga, ndipo timavuka mwana akakweza manja. Coipa cina n'cakuti timazoloweretsa mwana kuimirira ciriri m'madzi, pamene wosambira ayenera kugona.

Thabwa lopepuka la pulasitiki limene ophunzira a m'madziwe a m'tauni amagwira kutsogolo ligwira nchito yofanana ndi ya cigubu ca malita 5. Magalasi a m'madzi athandiza mwana woopa kumiza nkhope, koma sayandamitsa munthu.

Nanga chubu ca galimoto, cimene anyamata amacikonda koposa? Cimenecitu ndico coopsa. Cimanyamula mwana wosadziwa kusambira kupita naye pakati pa damu, kumene sakanafika ndi mphamvu zake. Mphepo ikaomba cimathawa. Mwana wocepa thupi amapyola pa cibowo ca pakati, ndipo cikatembenuka mutu umakhala pansi miyendo m'mwamba. Thunthu la nthoci nalonso n'cimodzi-modzi: liyandama ndithu, koma n'loterera ndipo limagubuduka.

NSUNGWI NDI CINGWE

Cipangizo cacikulu koposa pa maphunziro a kusambira ndi malo eni-eniwo. Pa nkhani iyi tingatengere nzeru ku Bangladesh, dziko la mitsinje yambiri ku Asia, kumene kumira kumapha ana aang'ono oculuka. Midzi ya kumeneko iribe madziwe a simenti. Pa maphunziro ochedwa SwimSafe, anthu amamanga mpanda wa nsungwi m'dziwe la pamudzi, ndipo m'kati mwa mpandawo amayala thandala la nsungwi pansi pa madzi kuti ana aziponda posazama. Mwana amayesedwa kuti watsiriza maphunziro akatha kusambira mamita 25, kuyandama masekondi 30, ndiponso kupulumutsa mnzake iye ali pamtunda.

Nsungwi tiri nazo, ndipo amisiri omanga nkhokwe ndi makola ali m'mudzi uliwonse. Cofunika ndi kusankha malo mwanzeru. Munthu wamkulu ayambe walowa ndi ndodo, ayende ponse-ponse kufuna-funa maenje, zitsa, matope omiza miyendo ndi mabotolo osweka. Madzi asapitirire pacifuwa ca mwana wamfupi pa onse. Zikani mitengo kuzungulira malowo, mumange cingwe ca zigubu zazing'ono kuti malire aoneke, ndipo ikani nsungwi yopingasa yoti ana azigwira pomenya miyendo. Kuya kwa madzi kuyesedwe tsiku lirilonse, popeza mvula ya usiku umodzi isintha zonse.

Pali malo amene sayenera kuyesedwa n'komwe. Mtsinje wa Luangwa ndi mathamanda ake ndi kwao kwa ng'ona ndi mvuu, ndipo mpanda wa nsungwi sungaziletse. Mtsinje wothamanga, makamaka wosefukira m'dzinja, si sukulu ya kusambira. Madzi oima okhala ndi udzu wambiri m'mbali kawiri-kawiri amasunga nkhono zofalitsa likodzo, ndipo tizirombo take timalowa pa khungu munthu osamva kanthu. Cifukwa ca ici, funsani a zaumoyo a pa kiliniki ya kwanu musanasankhe malo, letsani ana kukodzera m'madzi, ndipo mwana amene mkodzo wake uoneka magazi apite kucipatala msanga, pakuti mankhwala ake alipo.

CIPANGIZO CIYENERA KUSIYIDWA

Colinga ca zipangizo zonsezi ndi cakuti tsiku lina mwana asazifunenso. Ayambe ndi kumiza nkhope ndi kutulutsa mpweya m'madzi. Kenaka aphunzire kugona cagada ndi cigubu, pambuyo pake pa dzanja la mphunzitsi, potsiriza payekha. Kuyandama cagada ndilo phunziro loposa onse, cifukwa munthu wogwera m'madzi mwadzidzidzi akatha kutembenuka ndi kupuma amapeza nthawi yoitana anthu. Akadziwa zimenezi ndi pamene ayambe kupalasa ndi manja. Ndi bwinonso kuti ayesere atavala malaya, popeza ngozi sidikira kuti munthu avule.

Mwana amene wasambira miyezi yambiri ali ndi cigubu, koma sanayesepo popanda ico, sadziwa kusambira. Iye mwini amaganiza kuti adziwa, ndipo kuganiza kumeneko ndiko kumamulowetsa m'madzi tsiku limene cigubu catsala kunyumba.

MASO A MUNTHU WAMKULU

Anthu ambiri amayesa kuti womira amakuwa ndi kukupiza manja. Si mmene zimakhalira. Pakamwa pake pamangotuluka ndi kulowa m'madzi, mpweya wofuulira alibe, ndipo mphindi imodzi isanathe akhoza kuzimirira anzake akuseka pambali pake. N'cifukwa cake woyang'anira ana ayenera kukhala m'madzi momwemo, pamene dzanja lake lingafike pa wophunzira aliyense. Mphunzitsi mmodzi asatenge ana opitirira 5 nthawi imodzi, ndipo pamtunda pakhale wamkulu wina amene nchito yake ndi kuwerenga mitu basi. Mai amene akucapa, kapena bambo amene akuceza pa foni, sali kuyang'anira ana. Munthu amene walawa kacasu kapena mowa wa masese asayandikire nchitoyi.

Mwana wodwala khunyu, kapena kuti njirinjiri, asalowe m'madzi makolo asanafunse kucipatala, ndipo akaloledwa akhale ndi wamkulu wake-wake womugwira. Makanda ndi ana ongoyamba kuyenda satetezedwa ndi maphunziro a kusambira. Iwo amamira ngakhale m'ndowa kapena m'bafa. Coteteza iwo ndi kuvundikira zitsime ndi migolo, kukhuthula madzi otsala pocapa, kukwirira maenje a njerwa, ndi kusawasiya m'manja mwa mwana mnzao wa zaka 7 kapena 8.

NGOZI IKAGWA

Pamalo alionse ophunzirira pakhale nsungwi yaitali ndi cingwe ca mamita 10 kapena kuposa, comangidwa ku cigubu cokhala ndi madzi pang'ono cabe kuti ciponyeke patali. Munthu akayamba kumira, fuulani kuitana anthu. Ngati ali pafupi, gonani pansi pagombe ndi kumupatsira nsungwi, nthambi kapena citenje. Wopulumutsa akaimirira amakokeredwa m'madzi. Ngati ali patali, ponyani cigubu cipitirire kumbuyo kwake, ndipo mukoke cingwe pang'ono-pang'ono kuti cimufike. Ana auzidwe mobwereza-bwereza kuti asalumphire m'madzi kukagwira mnzao. Womira amakakamira ciriconse ndi mphamvu zoopsa, ndipo maliro a ana awiri a nyumba imodzi kawiri-kawiri amayamba motero.

Mukamutulutsa, musamuzondotse kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi. Kutero n'kutaya nthawi. Ngati sapuma, mugonekeni cagada, pendeketsani mutu kumbuyo, tsinani mphuno ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kasanu. Kenaka dinikizani pakati pa cifuwa ka 30 ndi kumuuzira kawiri, mobwereza, kufikira atayamba kupuma kapena thandizo litafika. Akapuma, mugonekeni cam'mbali, mufunditseni, ndipo mupite naye kucipatala ngakhale aoneke ngati wacira, pakuti madzi olowa m'mapapo akhoza kumuvutitsa patapita maola. Bungwe la Zambia Red Cross Society limaphunzitsa cithandizo coyamba cotere, ndipo n'kwabwino kuti mudzi uliwonse ukhale ndi anthu awiri kapena atatu ocidziwa.

M'caka ca 2021 bungwe la United Nations linapatula tsiku la 25 Julayi kuti caka ndi caka maiko azikumbukira za kupewa kumira. Kwathu kuno tsikuli limagwa m'nyengo yozizira, pamene ana satengeka ndi madzi. Imeneyo ndiyo nthawi yoti anyakwawa, aphunzitsi ndi makomiti a makolo akhale pansi, asankhe malo, adule nsungwi, asonkhe zigubu ndi zingwe, ndi kuchula maina a akulu-akulu amene adzaima pagombe dzuwa la Okutobala likadzabwera. Akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukapita pa damu ndi kupeza ana akusambira okha, khalani pomwepo kufikira atatuluka.